Atsikana osewera kutsogolo, muonereni Alexandra Popp

Ngati mumasewera nambala 9 koma mipira ya m'mwamba imangokudutsani, fufuzani pa YouTube masewero a Germany ndi France, semifainolo ya Euro 2022 (mpikisano wa matimu a amayi a mayiko a ku Ulaya) ku Milton Keynes, ku England. Germany idapambana 2-1, zigoli zonse ziwiri adamwetsa Popp, ndipo mipira yonse iwiri idachokera kumbali kwa mnzake wa mu timu ya Germany, Svenja Huth.

Poonerapo musatsate mpira ayi, maso akhale pa Popp. Sathamangira kukaima pakamwa pa golo n'kumadikira ngati ali pa depoti. Amatsalira kumbuyo pang'ono, pomwe wotchinga kumbuyo sakumuona bwino, ndiye mnzake akangokweza mwendo kuti aponye, iye amaliyatsa liwiro. Pofika pa mpira amakhala ali kale pa mphamvu pomwe wotchinga akudumpha chiimire. Chigoli chachiwiri chija, cha mutu, chidabwera choncho. Bwezani kanemayo kangapo, kenako kayeseni ndi mnzanu mmodzi woponya. Menyani ndi chipumi, maso ali otsegula, mpira muulozetse pansi. Magoloboyi ambiri mpira wonjanja umawasokoneza.

China n'chakuti musamasewere ndi kuvulala. Popp adaphonya Euro 2013 ndi 2017 atavulala, ndipo fainolo ya 2022 ku Wembley adaionera panja, mnofu utamuvuta potenthetsa thupi, chonsecho anali atamwetsa zigoli 6 m'masewero 5. Bondo likayamba kudandaula, uzani kochi tsiku lomwelo, musadikire kuti litupe.