Momwe mungakonzekerere matenda (tenders) a boma ku Johannesburg pansi pa malamulo a 2022

Kuyambira pa 16 January 2023, matenda (mipikisano yopezera ntchito kapena kugulitsa katundu) a boma la South Africa akuyendera malamulo a 2022, omwe adalowa m'malo mwa a 2017 khoti la Constitutional Court litagamula mlandu womwe bungwe la Afribusiness lidatsutsa malamulo akalewo. Amalawi omwe ali ndi makampani ang'onoang'ono oyeretsa, omanga kapena operekera zakudya ayenera kudziwa kuti mapointi osankhira wopambana tenda sakuperekedwanso mofanana paliponse.

Choyamba, lembetsani kampani ku CIPC (ofesi yolembetsa makampani), mutenge PIN ya ku SARS (bungwe lotolera misonkho) yosonyeza kuti misonkho yanu ili bwino, kenako mulembetse pa Central Supplier Database (kaundula wa makampani ochita malonda ndi boma), komwe mudzapatsidwa nambala yoyamba ndi MAAA. Omanga alembetsenso ku CIDB, bungwe loyang'anira ntchito zomanga.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene pagona nkhani, werengani chikalata cha tenda iliyonse payokhapayokha. Pa ntchito ya R30,000 mpaka R50 miliyoni, mapointi 80 ndi a mtengo, pomwe 20 otsalawo ndi a zolinga zomwe nthambi yoitanitsa tendayo yadzisankhira yokha, monga kukweza amayi, achinyamata kapena olumala. Zomwe ikufuna City of Johannesburg zikhoza kusiyana ndi za dipatimenti ya chigawo cha Gauteng, choncho onani fomu yopemphera mapointiwa, MBD 6.1 (ya khonsolo) kapena SBD 6.1 (ya dipatimenti ya boma), mupereke umboni wa chilichonse chomwe mwalembapo.

Chachitatu, kampani yopeza ndalama zosapitirira R10 miliyoni pachaka nthawi zambiri imangofunika afidaviti (kalata yolumbirira) ya B-BBEE, lamulo lokweza anthu akuda pachuma. Komatu lamuloli likamati munthu wakuda limanena nzika ya South Africa, kotero Mmalawi wokhala ndi pemiti sawerengedwa. Ena amalemba dzina la mnzawo wa ku South Africa ngati mwini kampani pomwe alibe gawo lenileni. Chinyengo chimenechi chili ndi chilango chofika zaka 10 kundende. Kulibwino kuchotsera mtengo mwanzeru, kapena kuchita mgwirizano weniweni wogawana ntchito ndi phindu.

Musanaponye tenda ku khonsolo, onetsetsani kuti ngongole ya madzi ndi magetsi sidapitirire miyezi itatu. Ochita lendi aphatikize kalata ya lendi. Muziyang'ananso tsamba la eTenders ndi la National Treasury pafupipafupi, chifukwa lamulo la Public Procurement Act, lomwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasainira mu July 2024, likubweretsa dongosolo lopatula matenda ena kuti akhale a magulu osankhidwa okha.