Mmene ndimaphunzitsira nkhani ya Palestine ndi Israel ndi makiyi awiri

Aphunzitsi anzanga, tsiku loyamba kuphunzitsa mutuwu ndinayambira pa Abrahamu. Belu linalira tisanafike n'komwe m'chaka cha 1900, ana atagawikana kale, ena kwa Isake, ena kwa Ismayeli, aliyense motsata komwe amapemphera. Kuyambira pamenepo ndimalowa m'kalasi ndi makiyi.

Pezani makiyi awiri akale, aja olemera a zitseko zamatabwa. Ayikeni patebulo osanenapo kanthu. Kenako jambulani mapu pabolodi, nyanja ya Mediterranean kumadzulo, mtsinje wa Jordan kum'mawa. Auzeni ana kuti Palestine yonse imene Britain inkalamulira sikwana gawo limodzi mwa magawo anayi a Malawi. Amadabwa, poti amaganiza kuti malo okanganirana chotere ndi aakulu.

Zaka musachulukitse, zitatu zakwana. Mu 1917 nduna ya Britain, Arthur Balfour, inalemba kalata yolonjeza Ayuda kwawo ku Palestine, pomwe anthu ambiri okhala kumeneko anali Aluya. Pofika 1945 chipani cha Nazi chinali chitapha Ayuda 6 miliyoni ku Ulaya, ndipo ambiri mwa opulumuka analibe kobwerera. Pa 29 Novembala 1947 bungwe la United Nations linavota kuti dzikolo ligawidwe pawiri. Ayuda, amene anali pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, anapatsidwa malo opitirira theka. Atsogoleri awo anavomera, a Aluya anakana. Funsani ana kuti iwo akanayankha chiyani akanakhala mbali iyi, kenako mbali inayo, ndipo musawathamangitse.

Tsopano nyamulani kiyi woyamba. Uyu ndi wa nyumba ya ku Lydda. Dziko la Israel linalengezedwa pa 14 Meyi 1948, maiko a Aluya oyandikana nalo analowa m'nkhondo, ndipo mu Julayi asilikali a Israel anatulutsa anthu a m'tauni ya Lydda. Anayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, ana kumsana, katundu pamutu, ena n'kufera m'njira. Pa nkhondo yonseyo Apalestina oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa, ndipo midzi yoposa 400 inasanduka mabwinja. Ambiri anakhoma zitseko n'kutenga makiyi poganiza kuti abwerako pakatha milungu ingapo. Sanaloledwe kubwerera, ndipo lamulo la mu 1950 linaika nyumba ndi minda yawo m'manja mwa boma la Israel. Apalestina amatcha zimenezi Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu. Pachipata cha msasa wa othawa kwawo wa Aida, kufupi ndi Bethlehem, anapachikapo chikiyi chachitsulo chachikulu.

Kiyi ameneyu adutse m'manja mwa mwana aliyense. Ine ndimangofunsa kuti, ndani agogo ake anasiyapo munda osafuna? Sindinasowepo dzanja lokwezedwa.

Kiyi wachiwiri ndi wa ku Baghdad. Ayuda anakhala ku Iraq zaka zoposa 2,500. Mu Juni 1941 chipwirikiti chotchedwa Farhud chinapha Ayuda oposa 100 mumzindawo. Pakati pa 1950 ndi 1951 pafupifupi 120,000 anakwera ndege kupita ku Israel atasainira kutaya unzika wa Iraq, ndipo boma linatseka chuma chimene anasiya. Kuchokera m'maiko onse a Aluya, monga Morocco, Yemen, Egypt ndi Libya, anachoka Ayuda pafupifupi 800,000 m'zaka zotsatira. Ena anapita mwa kufuna kwawo, ena chifukwa cha mantha kapena kupirikitsidwa. Ambiri ofika ku Israel anayamba ndi kugona m'matenti.

Apa ndiye pofunika kusamala. Mwana wochenjera adzakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti anangosinthana, nkhani yatha." Musamudzudzule, koma musamusiyenso. Mufunseni ngati mlimi wa ku Lydda ndi amene analanda nyumba ya ku Baghdad. Wolanda ndi wina, wolandidwa ndi wina. Kenako muonetseni kusiyana kumene ine kumandiwawa: wochokera ku Baghdad analandira unzika wa Israel, pomwe adzukulu a Apalestina amene anathawira ku Lebanon ambiri akadali m'misasa opanda dziko lowatcha ake. Bungwe la UNRWA, nthambi ya United Nations yothandiza Apalestina othawa kwawo, lili ndi anthu pafupifupi 6 miliyoni m'kaundula wake. Winanso akanena kuti Ayuda onse ndi azungu obwera, muikeni kiyi wa ku Baghdad m'dzanja.

Zotsatira ndimazidutsa mwachangu. Mu 1967 Israel inalanda West Bank, Gaza ndi kum'mawa kwa Jerusalem. Mu 1993 nduna yaikulu ya Israel, Yitzhak Rabin, ndi mtsogoleri wa Apalestina, Yasser Arafat, anagwirana chanza, koma nkhani ya othawa kwawo ndi ya Jerusalem anaziika padera kuti adzakambirane mtsogolo. Pa 7 Okutobala 2023 gulu la Apalestina la Hamas linapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel, ndipo nkhondo yotsatira inapha Apalestina masauzande ambirimbiri n'kusamutsa pafupifupi aliyense ku Gaza, kumene ambiri ndi adzukulu a othawa a mu 1948 aja.

Ntchito yakunyumba ndi kalata ya tsamba limodzi. Amene amakondera Israel ndimawapatsa kiyi wa ku Lydda, okondera Palestine wa ku Baghdad, ndipo aliyense amalemba ngati mwini nyumbayo, kufotokozera mdzukulu wake zimene zinali kuseri kwa chitseko.