Laputopu yakale musaitaye msanga, ikanimo Linux yopepuka

Microsoft inasiya kukonza chitetezo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina opanda kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Komabe laputopu ya 2011 ikhoza kulembabe makalata ndi kutsegula intaneti, bola muipatse katundu woti ingasenze. Katunduyo ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows, ndipo ilipo ya mitundu ingapo.

Yambani mwaona zam'kati. Mu Windows 10 lowani Settings, System, kenako About, muone kuchuluka kwa RAM (memore imene makina amagwirira ntchito) ndi zimene zalembedwa pa System type. Pakakhala x64-based processor, makinawo ndi a 64-bit. Mapurosesa a Atom N270 ndi Core Duo ndi a 32-bit, pomwe Core 2 Duo ndi wa 64-bit ngakhale mayinawo akufanana.

RAM ndiyo imalamula. Ikakhala 4GB, tengani Linux Mint Xfce. Munthu wozolowera Windows sasochera nayo. Ikakhala 2GB, Lubuntu ndiye bwino. Pa 1GB kapena pa makina a 32-bit, funani antiX ya 32-bit, chifukwa Mint ndi Lubuntu zatsopano ndi za 64-bit zokha. AntiX njosakongola kwenikweni, koma imathamanga. Dziwaninso kuti wodya RAM weniweni ndi Firefox kapena Chrome: pa 2GB, mukatsegula masamba asanu ndi YouTube, makina ayamba kukwawa ngakhale Linux ikhale yopepuka chotani.

Fayilo yoikira Mint, yotchedwa ISO, imene mumakoka pa intaneti, ndi ya pafupifupi 3GB, choncho bando ikhale yokwanira. Ilembeni pa fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus kapena Ventoy. Zonse za pa fulashipo zifufutika. Poyatsa laputopu dinani F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo, musankhe fulashiyo.

Apa ndiye pofunika kudekha. Linux idzuka kuchokera pa fulashi osakhudza hadi disiki, ndiye yesani mawu, kiyibodi, kuwala kwa sikirini ndi Wi-Fi. Imene imavuta kawirikawiri ndi Wi-Fi yopangidwa ndi kampani ya Broadcom, chifukwa dalaivala wake (pulogalamu yoyendetsa Wi-Fiyo) sabwera ataikidwa kale. Lumikizani foni ndi chingwe, yatsani USB tethering pa foniyo kuti laputopu ipeze intaneti, ndipo mukatha kuika Mint tsegulani Driver Manager akupezereni dalaivalayo.

Poika Linux pa hadi disiki, musanadine Erase disk, imene imafufuta zonse, koperani zithunzi ndi mafayilo anu kwina, chifukwa sizibwereranso. Ngati batire linafa, musayambe nthawi imene magetsi amakonda kuzima. Akathima pakati, muyambiranso pachiyambi.

Makina akamachedwabe ndipo hadi disiki ikulira tiki-tiki, vuto si Linux ayi. Chotsani hadi disikiyo, muikemo disiki yothamanga yotchedwa SSD, ya mtundu wa SATA ya mainchesi 2.5. Ya 120GB ndi yokwanira, poti Mint imafuna 20GB yokha kuti ilowe.