Momwe mungathandizire mwana wanu kusankha bwino maphunziro a Cambridge IGCSE

Makolo ambiri amene ana awo ali pa sukulu zophunzitsa za Cambridge, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama kapena St Andrew's ku Blantyre, mtima wawo umakhala pa fizi. M'pomveka, ndalamazo si zamasewera. Koma pali kapepala kena kamene mwana amabwera nako kunyumba ali ndi zaka 13 kapena 14, koti kholo lisainire maphunziro amene wasankha, ndipo kapepala kameneka ndi kamene kadzamutsegulire kapena kumutsekera khomo la ku yunivesite. Musakasainire mothamanga.

IGCSE imaphunziridwa zaka ziwiri, kawirikawiri pakati pa zaka 14 ndi 16, ndipo mayeso ake oyamba analembedwa mu 1988. Ikatha, mwana amapitiriza zaka zina ziwiri za A Level kapena IB Diploma. Nazi zoyenera kuchita.

1. Yambirani kumapeto

Khalani pansi ndi mwana mumufunse ntchito imene akuilakalaka. Akatchula ziwiri kapena zitatu palibe vuto, pa msinkhu umenewu maganizo amasinthasintha. Kenako tsegulani tsamba la pa intaneti la yunivesite imene imaphunzitsa zimenezo, muwerenge nokha zimene imafuna. Wofuna udokotala asasiye Biology, Chemistry kapena Physics. Wofuna uinjiniya agwiritse Masamu ndi Physics, ndipo ngati sukulu ili ndi Additional Mathematics aitenge, chifukwa Masamu a A Level amavuta kwambiri kwa amene sanaidutse.

2. Funsani kuti mwana amuika mu Core kapena Extended

Apa ndi pamene makolo ambiri amadutsa osadziwa. Maphunziro monga Masamu ndi sayansi ali ndi mapepala a mitundu iwiri. Wolemba Extended angathe kufika mpaka pa A*, giredi yapamwamba kwambiri. Wolemba Core, ngakhale atakhoza funso lililonse, sangapitirire C. Ndiye tangoganizani mwana amene akulota uinjiniya, koma aphunzitsi anamuika mu Core chifukwa chakuti teremu ina sanakhoze bwino. Sukulu zambiri sizingamulole kutenga Masamu a A Level ndi C wa Core.

Sindikunena kuti Core ndi yoipa. Mwana amene Masamu amamuvutadi, ndipo njira yake ndi ya zilankhulo kapena mbiri yakale, C wotsimikizika amamuthandiza kuposa kukagwa pa pepala lomukulira. Chimene ndikukana n'chakuti nkhani yaikulu chonchi igamulidwe kholo lisakudziwa. Pitani mukakumane ndi mphunzitsi wa phunzirolo chaka choyamba chisanathe. Mufunseni kuti mwana akupereweza pati, komanso tsiku lomaliza limene angasinthidwe kupita ku Extended. Zimenezi zikachitika msanga, nthawi yokonza imakhalapo.

Funsaninso za Chingerezi. Pali First Language English ndi English as a Second Language, ndipo mayunivesite ena akunja saziwerengera mofanana.

3. Ganizirani komwe adzaphunzire

Ngati cholinga ndi mayunivesite a boma kuno kwathu, IGCSE imalandiridwa pamodzi ndi MSCE pa chisankho chimene NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, imayendetsa. Pamafunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, choncho mwana alembe maphunziro okwanira, asangodalira 6 enieniwo poti limodzi likhoza kumuterereka.

Kunja nkhani ndi ina. Ku Britain IGCSE yokha sikwanira kulowera digiri. Amafuna A Level, kawirikawiri maphunziro atatu, kapena IB. Ku South Africa nakonso amafuna kuti pa IGCSE paonjezeredwe AS (theka loyamba la A Level) kapena A Level yonse. Choncho powerengera ndalama, werengerani zaka zinayi, osati ziwiri.

4. A Level kapena IB?

A Level imayenera mwana amene akudziwa kale njira yake, chifukwa amazama pa maphunziro ochepa. IB Diploma, imene kuno imapezeka pa Bishop Mackenzie ku Lilongwe, ndi yotambalala: maphunziro 6, atatu mwa iwo ozama, lililonse mapointi 1 mpaka 7. Pamwamba pake mwana amalemba kafukufuku wakewake wa mawu osapitirira 4,000, amaphunzira Theory of Knowledge (phunziro lofufuza momwe timadziwira zinthu), ndipo amagwira ntchito zothandiza anthu. Mapointi onse ndi 45, ndipo kuti apatsidwe diploma pamafunika osachepera 24. Mwana wosadziwa kugawa nthawi yake IB imamulemera.

5. Kukonzekera mayeso

Silabasi ya phunziro lililonse ili pa tsamba la Cambridge kwaulere, pamodzi ndi mapepala ena a mayeso akale. Mwana asamangoyankha mafunso. Aziyerekeza mayankho ake ndi mark scheme, kuti aone pamene ochonga mayeso amapereka malikisi. Aonetsetsenso kuti silabasi imene akuwerenga ndi ya chaka chimene adzalembe, chifukwa imasinthidwa nthawi ndi nthawi.

6. Kulembetsa

Mayeso amalembedwa kawiri pa chaka, cha mu May ndi June komanso mu October ndi November. Kulembetsa kumatsekedwa kudakali miyezi ingapo, ndipo wochedwa amalipira zoonjezera. Malipiro ndi a phunziro lililonse palokha, ndipo nthawi zambiri sakhala m'kati mwa fizi, ndiye funsani ku ofesi ya sukulu chaka chikangoyamba kuti muyambe kusunga. Amene sali pa sukulu yolembetsedwa ndi Cambridge afunse ku British Council za kulemba payekha.

Pepala lotsimikizira kulembetsa likabwera, onani nambala ya phunziro lililonse, onani ngati palembedwa Core kapena Extended monga munagwirizanirana, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndendende ndi za pa pasipoti. Chilembo chimodzi cholakwika n'chosavuta kukonza mayeso asanalembedwe, koma satifiketi ikatuluka zimatenga nthawi ndi ndalama.