Mchira umodzi kapena iwiri: sankhani musanaone manambala

Ophunzira anga akandifunsa kuti atenge one-tailed test (ya mchira umodzi, yoyang'ana mbali imodzi) kapena two-tailed test (ya michira iwiri, yoyang'ana mbali zonse ziwiri), ndimawabwezera funso: "Zotsatira zikalowera mbali imene simukuiyembekezera, mudzachitapo kanthu?" Akati inde, nkhani yathera pomwepo, atenge ya michira iwiri.

Tiyerekeze makina odzaza mabotolo a 500 ml. Mwini fakitale amadandaula makinawo akamathira moperewera, amadandaulanso akamathira mopyola muyeso chifukwa katundu akungotayika. H0, ganizo loti palibe chalakwika, imati avereji ndi 500. H1 yake, ganizo lotsutsa H0, imati avereji si 500, choncho 0.05, mwayi wokana H0 molakwa umene timaulola, amaigawa pawiri, 0.025 kumchira uliwonse, ndipo z, nambala yosonyeza mmene avereji ya mabotolo oyezedwa yatalikirana ndi 500, ayenera kupyola 1.96 kapena kutsika kupitirira -1.96 kuti akane H0. Woteteza ogula alibe nazo ntchito botolo likasefukira, iye akusaka kuperewera basi. H1 yake imati avereji ndi yochepera 500, ndiye 0.05 yonse amaiunjika kumanzere ndipo malire ake ndi -1.645.

Msampha uli apa. Tinene kuti z watuluka -1.8. Pa mchira umodzi p (mwayi wopeza zotsatira zotere kapena zoposa pomwe H0 ili yoona) ndi pafupifupi 0.036, yochepera 0.05, ndiye H0 mwaikana. Pa michira iwiri p ndi 0.072, simungaikane. Mabotolo ndi omwewo, manambala omwewo! Ineyo pa lipoti langa loyamba ndinaona p yotereyi, mtima n'kundiuza kuti ndingosinthira ku mchira umodzi. Ndinasinthadi, koma wondiyang'anira atandifunsa tsiku limene ndinasankha mbaliyo, ndinangoti kukamwa yasa. Mukasankha mbali mutaona kale kumene zotsatira zalowera, mwayi wokana H0 molakwa umakhala 0.10, ngakhale papepala mwalemba 0.05.

Ndiye lembani H1 ndi chifukwa chake musanayambe kusonkhanitsa deta, muikeponso deti.

Pa kompyuta chenjerani. Mu pulogalamu ya R, t.test imatenga michira iwiri yokha pokhapokha mutalemba alternative = "less" kapena "greater". Mu Excel, T.TEST imafuna mulembe 1 kapena 2 pamalo a tails. Ngati pulogalamu yakupatsani p ya michira iwiri pomwe munakonzeratu za umodzi, igaweni ndi 2, koma pokhapokha zotsatira zalowera mbali imene munalosera. Zikalowera mbali inayo, theka lija mulichotse pa 1, ndipo 0.072 yathu ija isanduka 0.964.