Onani ngati dzuwa likulowa m'damu lanu la nsomba

Alimi anzanga, ambiri mumadandaula kuti makumba ndi chilunguni zapinimbira chonsecho madeya mukuthira tsiku ndi tsiku. Musanawonjezere chakudya, yambani mwaona ngati dzuwa likulowa m'madzi. Nsombazi zimadalira kwambiri ndere zing'onozing'ono zija zimabiriwiritsa damu, ndipo ndere sizimera popanda kuwala. Ndi ndere zomwezo zimene masana zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma.

Kuwala kumafika padamu kutachepa kale, chifukwa mitambo, fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zimakumwaza mlengalenga. Kenaka kumakumana ndi pamwamba pa madzi. Dzuwa likakhala paliwombo, kuwala kobwerera kumwamba kumangokhala magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse, kwina konseko kumalowa. M'mamawa ndi madzulo dzuwa litapendeka, kochuluka kumangonjanja pamadzi n'kubwerera, n'chifukwa chake kumakuthobwani m'maso mukaima pakhoma la damu. Kamphepo kakamakwinya madzi kamathandiza: timafunde timatembenuzira nkhope zake kudzuwa lopendekalo, kuwala kochulukirapo n'kulowa, komanso timasakaniza mpweya ndi madzi. Choncho musatchinge damu ndi mpanda wothithikana, ndipo sadzani nthambi zimene zikuika mthunzi pamadzi.

Poyeza madzi sipafunika chida chogula. Pitani kudamu dzuwa litakwera, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chifukwa nthawi ina kunyezimira kudzakunamizani. Pisani mkono pang'onopang'ono chikhatho chikuyang'ana kumwamba. Chikayamba kuzimirira madzi atafika m'chigongono, pamasentimita 30 mpaka 40, damu lili bwino. Mukachionabe bwinobwino mpaka kuwerenga zala, madzi alibe chakudya. Ikani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'kakhola ka pangodya ya damu. Chikasowa mutangomiza dzanja lokha, ndere zachulukitsa. Pamenepo dzuwa likuthera pamwamba, pansi pali mdima, ndipo usiku nderezo zimamaliza mpweya. Siyani kaye manyowa, lowetsani madzi atsopano.

Koma yang'anitsitsani mtundu wake. Madzi obiriwira ndi chakudya, ofiira ndi matope chabe. Dothi la katondo lokokoloka kumunda limatseka dzuwa popanda chimene nsomba ingapindule, ndipo kuthira manyowa m'madzi otere n'kungotaya. Kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula kumtunda kwa damu, mubzale udzu m'makoma.

Masiku amene ndimawaopa ine ndi amitambo yotsatizana kopanda mphepo, komanso achiperoni kumadera a Thyolo ndi Mulanje. Nthawi yotere chepetsani madeya, ndipo lawirirani kudamu m'bandakucha. Mukapeza nsomba zili yasa kukamwa pamwamba, tsegulani polowera madzi nthawi yomweyo ndipo musazidyetse mpaka zitabwerera pansi.