Momwe Mungafotokozere Liwu Lachingelezi la "Speech" kwa Munthu wa ku Turkey

Pophunzitsa Chingelezi munthu wolankhula chinenero cha ku Turkey, musathamangire kumuuza kuti "speech" ndi "konuşma" n'kupitirira. Tanthauzoli si lolakwika, pakuti "konuşma" limachokera ku mneni "konuşmak", kutanthauza kulankhula, koma kwawoko liwu lomweli limanenanso za kucheza kwa anthu awiri, kumene Angelezi amati "conversation". Wophunzira amene wangoloweza mawu awiriwa adzanena kuti anali ndi "speech" ndi mnzake, womvera n'kuganiza kuti kunali msonkhano.

Yambirani pa kaliwu kakang'ono ka "a" kamene kamatsogolera dzinali, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Liwu la "speech" likaima lokha limanena za mphamvu imene munthu ali nayo yotulutsa mawu, kapena kalankhulidwe kake, monga pamene dokotala akunena kuti wodwala sitiroko wasiya kulankhula bwino. Likatsogoleredwa ndi "a", limanena za mawu okonzedwa amene munthu mmodzi amalankhula pamaso pa gulu, ndipo apa pokha ndi pamene lingachulukitsidwe kukhala "speeches". Musatope kubwereza mfundoyi, popeza chinenero chawo chilibe liwu lofanana ndi "the", ndipo "bir", limene limayandikira "a", limatanthauzanso nambala 1.

Pofuna kuti tanthauzo lachiwirili likhazikike, tchulani "nutuk" ndi "söylev", mawu a kwawoko onena za kulankhula pamaso pa gulu. Aliyense amene anaphunzira sukulu ku Turkey amadziwa Nutuk, mawu amene Mustafa Kemal Atatürk, pulezidenti woyamba wa dzikolo, analankhula ku Ankara kuyambira pa 15 mpaka pa 20 Okutobala 1927, kwa maola oposa 36. Ine ndimaona kuti chitsanzo chimodzi chimenechi chimaposa mafotokozedwe a mphindi zambiri, ngakhale kuti muyenera kuwonjezera kuti "a speech" sichita kukhala yaikulu chotero, pakuti mawu ochepa othokoza alendo amatchedwanso chimodzimodzi.

Kenako muchenjezeni za mneni wotsagana nalo. Iwo amati "konuşma yapmak", ndipo "yapmak" limaimira "do" komanso "make", choncho n'kosavuta kuti anene "do a speech". Muphunzitseni kunena "give a speech" kapena "make a speech".

Mawu ophatikizana aloweze aliwonse paokha, chifukwa ambiri mwa iwo "konuşma" mulibemo. Ufulu wolankhula, "freedom of speech", amautchula "ifade özgürlüğü", mitundu ya mawu mu galamala, "parts of speech", ndi "sözcük türleri", pamene kufotokoza zimene wina ananena, "reported speech", ndi "dolaylı anlatım".

Katchulidwe nako kamafuna chidwi. Mawu enieni a chinenero chawo sayamba ndi makonsonanti awiri ogundana, n'chifukwa chake liwu lachilendo lotanthauza siteshoni linasanduka "istasyon", ndipo wophunzira angalowetse "i" koyambirira kwa "speech" kapena pakati pa "s" ndi "p". Muuzeni akokere "s" kwa kanthawi, atseke milomo mosaikapo vawelo, kenako atalikitse phokoso la "i" lapakati, lolembedwa "ee". Kumapeto sikumuvuta, popeza "ch" ndi phokoso la chilembo "ç" cha mu alifabeti imene dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito mu 1928. Polemba, mukumbutseni kuti mneni "speak" uli ndi "ea" pamene dzina "speech" lili ndi "ee".